Chipewa Chofiira cha Kambuzi

Dzulo mwana wanga Zaina anandiika foni kumaso. "Amayi, taonani! Katuni yanu yakale ija aipanga filimu yatsopano." Kambuzi kake komwe kaja, koma tsopano ubweya ukuchita kuwerengeka. Ine maso anali pa chipewa chake.

Tili ana kwathu ku Entre Lagos, m'malire ndi Malawi, kuseri kwa siteshoni, televizau inali kwa mnzathu Amina kokha. Bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Malawi, ndipo inkayaka ndi batire ya galimoto. Mayi ake ankalowetsa ana ovala patapata basi. Ife a mapazi afumbi tinkapanikizana pazenera, fungo la chinangwa chawo chokazinga likutipweteka m'mimba.

Kambuziko tinkakaona kakuda ndi koyera. Amina akatuluka ankatiuza akunyambita zala, "Mitundu siifika panja. M'nyumba muno chipewa chake n'chofiira psuu!"

Ndinakhulupirira. Ndinalirira patapata mpaka amayi anandithamangitsa ndi tsache. Tsiku lina ndinaba patapata imodzi ya Amina n'kuiponya m'ngalande ya njanji, kuti naye alaweko zenera. M'mawa mwake anamugulira zina.

"Chipewachi achiononga," ndinamuuza Zaina. "Chinali chofiira."

Anafufuza pafoni n'kundionetsa yakaleyo. "Ayi amayi, chinali chachikasu kuyambira kale."

Chachikasu ndithu. Ndiye kuti televizau ya kwa Amina inalibe mitundu, m'kati ngakhale panja. Zaina anaseka mpaka misozi, koma ine zikundiwawabe. Amina ankanama atakhala pamkeka, ine ndinkakhulupirira ndili chiimire.