Nsagwada Yatsopano ya Wailesi

Dzino lake linagwa ali pakati poseketsa anthu paukwati, maikolofoni ili m'manja. Anthu anafa nacho chikhakhali, kuyesa ndi nthabwala. Bamboyu ankamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankazima, ndipo kutsogolera maukwati ndiyo inali ntchito yodyetsa ana ake.

Chaka chisanathe mano a m'munsi anali atagweruka, tsaya litalowa m'kati, mawu akutuluka ngati wavumata madzi. Foni yake inasiya kulira.

Madokotala anayamba ndi mankhwala a mafinya, koma sizinathandize. Anaganizira khansa, n'kudula kanyama kukapima, osapeza kanthu. Wailesi anatseka makatani n'kufunda bulangeti masanasana.

Mkazi wake analivundukula. "Bambo a ana, inu munandilondalonda mpaka ndinakulolani. Ndiye lero mugonjere fupa? Valani nsapato."

Anayenda zipatala mpaka anakumana ndi dokotala wina wa mafupa. Iye anapachika zithunzi za ekisire, zakale ndi zatsopano, pagalasi lowala, ndipo anaitanitsa kanyama kaja kuti akapimenso.

"Taonani apa, bambo," anatero zotsatira zitabwera. "Nsagwada yanu ikusungunuka ngati sopo m'madzi. Si khansa ayi. Timitsempha ta madzi a m'thupi tamera m'fupamo ndipo tikulidya. Matendawa ndi osowa zedi, ineyo ndinkangowawerenga m'mabuku. Koma tsopano tikudziwa chomwe tikulimbana nacho."

Anamuyambitsa mapiritsi oletsa timitsemphato kukula, ndi diripi ya mankhwala olimbitsa mafupa. Mapiritsiwo anamutulutsa zilonda m'kamwa, chakudya n'kumachita kumwa ndi kapaipi, komabe sanadumphitseko. Zithunzi zitaonetsa kuti fupa laleka kutha, madokotala anatenga fupa laling'ono la m'mwendo wake n'kuliumba kukhala nsagwada.

Kenako munthu wa ana akuluakulu anayambiranso kuphunzira kulankhula, atakhala pagalasi: "Ba, pa, ma." Malovu ankayenderera, iye n'kupukuta, n'kuyambiranso.

Pa tsiku lina la sikelo kuchipatala, namwino anachita kugwira m'makutu ndi kulongolola kwake. "Bambo, tapumaniko kaye, ndikuyezeni!"

"Musandiimitse, asisitala," anayankha Wailesi. "M'kamwamu muli mwendo, mpake kuthamanga!"

Lero Loweruka lililonse eni maukwati amachita kumulimbirana.

Inu amene mwatopa ndi kubwezedwa m'zipatala opanda yankho, vuto lanu kusowa dzina si ndiye kuti lilibe mankhwala. Funsaninso, pimitsaninso. Osataya mtima, pitani mukagogodenso.