Diso la Kavalo wa pa Khadi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalandira ulemu womwe sunali wanga. Dzinja limenelo mtsinje wa Naperi unasefukira, ndipo Esinati, mwana wa aneba athu, anagweramo. Amene analumphira m'madzi anali mkulu wanga Lemani. Anamukankhira kumtunda, ine n'kumulandira ndili pouma. Anthu pofika anapeza mwanayo ali m'manja mwanga, Lemani akusanza madzi m'bango chakumunsi. Iye anali wachibwibwi. Asanamalize liwu loyamba, ine anthuwo anali atandinyamula kale pamapewa.

Lamulungu anandiimika kutsogolo m'tchalitchi. Mayi ake a Esinati anandigulira nsalu ya malaya. Ndinalandira ndi manja awiri.

Nsaluyo ndinapita nayo kwa a Jusa, telala wochokera ku Mozambiki, amene ankasoka pakhonde la sitolo ku Limbe. Anali ndi makadi azithunzi omwe anawasiyira bwana wawo, Mpwitikizi. Ankawatchula kuti taroti. Amayi ankati ndi ula wa azungu, tisamawayang'ane. Atandiyeza, a Jusa anasolola limodzi n'kuliika pamakina. Panali munthu atakwera kavalo, nkhata ya masamba kumutu, anthu akumuperekeza atakweza ndodo. Anati khadi limeneli ndi la chipambano, la munthu amene mudzi wonse ukumuombera m'manja. Anandifunsa kuti pamenepo ine ndine uti. Ndinaloza wokwerayo.

"Chabwino, mwanawe. Tsono taona kavaloyo. Amufunditsa nsalu mpaka m'miyendo kuti thukuta lake lisaoneke. Koma diso lake likuyang'ana ndani?"

Linkayang'ana m'mbuyo, kwa wokwera. A Jusa anatola khadilo n'kulibwezera pa anzake. Kaya anali atamva zina, kaya ankangonena za khadi, sindidziwa mpaka lero.

Ndinayenda wapansi kubwerera kwathu, njira yonse ndikukonza mawu. Ndinapeza Lemani akuwaza nkhuni. Anandifunsa movutikira ngati malayawo adzakhale ndi thumba. Ndinati eya. Zinazo ndinati ndidzanena mawa.

Malayawo ndinavala mpaka anang'ambika. Patapita zaka zingapo Lemani anapita kumigodi ku Joni. Kunabwera sutikesi yokha.

Ndagwira ntchito ya umisiri wa mapaipi moyo wanga wonse. Sindinapemphepo kanthu kwa munthu. Ku Nkolokosa amandidziwa. Esinati tsopano ndi gogo, akukhala ku Chimwankhunda. Tikakumana pamaliro amagwada n'kuuza adzukulu ake kuti awa ndi amene anandivuula.

Chaka chatha ndinamuitanira pambali n'kumuuza zonse. Anandisisita dzanja, nati ukalamba wayamba kundisokoneza mutu.

Ndadziwa tsopano kuti choonadi chili ndi nyengo yake ngati mbewu. Ukachedwa nacho, nthaka siichilandira. Mboni yanga inali imodzi yokha, ndipo ngakhale manda ake sindiwadziwa.