Sitima Yochokera ku Lisbon

Bambo anga ali mnyamata anagwirako ntchito padoko la Beira, kusenza mabelo a thonje. Anabwerera ku Nsanje ndi msana wopweteka komanso nkhani za mzinda wa Lisbon, umene sanaupondemo. Ankati unamangidwa pamapiri, pamene mtsinje umathira m'nyanja, ndipo kalekale chivomezi chinaugwetsa, madzi n'kusefukira, moto n'kumaliza zotsalazo, koma eni ake anaumanganso. Zonsezi anazimva kwa amalinyero. Ife ana tinkaseka kuti bambo amadziwa misewu ya Lisbon kuposa ya ku Bangula.

Panali chinthu chimodzi chimene sankachinena moseka. Zaka zonsezo sanaloledwe kukwera sitima. Katundu ankamutula pansi pa makwerero, n'kubwerera.

Ine ndimayendetsa basi ya hotela kuno ku Doha. Chaka chatha kunafika sitima ya nkhondo ya Apwitikizi, ndipo ananditumiza kukatenga amalinyero ake kuti akaone msika. M'mawa, ndisanachoke ku Najma kumene ndimagona, ndinaimbira bambo foni. Anali atagona kale pamphasa miyezi itatu, koma mawu awo anadzuka.

"Ukakwere," anatero. "Ukandiuze m'kati mwake."

Sitimayo inali yotuwa, yaitali, yaukhondo ngati chipatala. Amalinyero atatsika basi padoko masana, mmodzi wa imvi, amene ndinamuuza za bambo, anandikodola kuti nditsatire. Ndinazimitsa injini. Pageti panali mlonda, Mmalawi mnzanga wa ku Machinga, amene timaonana Lachisanu lililonse kudera la Old Airport. Anayang'ana chiphaso changa nthawi yaitali, ngati sadziwa kuwerenga.

"Achimwene, pass yanuyi ndi ya parking basi. Mafi entry, simungalowe. Ndikakulolani anditerminata ine."

Sindinamukwiyire. Nayenso ali ndi ana. Ndinaima padzuwa n'kumaona makwerero aja, mwina mapazi makumi awiri kuchokera pamene ndinali, mpaka wa imvi uja analowa osacheuka.

Madzulo bambo anaimba okha, chinthu chimene sankachita. Ndinawanamiza. Ndinati ndakwera, ndagwira chiwongolero, andipatsa khofi m'kapu yachitsulo, ndipo pakhoma pali chithunzi cha Lisbon ndi mapiri ake. Bodzalo linkatuluka mosavuta moti ndinachita nalo mantha. Iwo ankangoti eya, eya, kenako anafunsa ngati ndinavula nsapato. Ndinati ayi, ndinalowa nazo.

"Ndiye kuti dziko lasinthadi," anatero.

Anamwalira patapita milungu iwiri, ndipo tchuthi sindinachipeze. Mlongo wanga anandiuza kuti masiku omalizawo aliyense wobwera kudzawazonda ankamuuza kuti mwana wawo anakwera sitima ya ku Lisbon atavala nsapato. Pamaliro abusa anaitchulanso nkhaniyo, anthu n'kuwomba m'manja.

Kumudzi akundidikira kuti ndikawafotokozere bwinobwino. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindinagulebe tikiti.