Mtima Ulibe Pakamwa

Ndinaganiza zochoka ku Mutare chaka chimene malipiro a uphunzitsi anasiya kugula buledi. Tinkakhala ku Hobhouse, m'nyumba ya makolo anga, ine ndi mkazi wanga Esitere. Nditamuuza za ku Joni anangoti, "Pitani."

Esitere ankapeka tindakatulo akamachapa. Pokwerera basi ku Sakubva anandinenera kamodzi:

Mutu ukuti pita, mtima ukuti khala.
Mutu uli ndi pakamwa, mtima ulibe.
Anthu amamva wa pakamwa.

Ine, wophunzira zolembalemba ku koleji, ndinamumasulira pomwepo ngati mwana wa m'kalasi. Ndinati mutu ndi mtimawo ndi zanga, ndipo ndakatuloyo ikuyamikira mwamuna wosankha nzeru.

"Mwakhoza, aphunzitsi," anatero akuseka. Ndinakwera basi ndikudzitama.

Ku Joniko, mumzinda wa Polokwane, ndinkatsuka magalimoto, n'kumagona kuseri kwa galaja. Mpunga, sopo ndi mafuta ndinkatumiza pa malaicha, madalaivala onyamula katundu wa anthu kudutsa malire. Lamulungu ndinkaimba foni. Ankayamba kuyankha ndi amayi anga, kenako n'kumupatsa Esitere.

"Uli bwanji, Esitere?"

"Ndili bwino."

"Nanga mawuwo?"

"Ndi chimfine."

Chimfinecho chinadutsa dzinja, chinadutsa chilimwe. Sindinafunse kawiri. Tsiku lina malume anaimba kuti mkazi wanga wadwalika, ndibwere. Kwathu munthu wa kutali akauzidwa choncho, ndiye kuti mipando yatulutsidwa kale panja. Ndinapeza amayi a mpingo akuimba pakhomo.

Titaika maliro, mayi wina wochita lendi kwathu anandiuza kuti Esitere anayamba kutsokomola ndisananyamuke, ndipo banja linagwirizana zoti ndisamve. Ndinafunsa amayi anga.

"Ukanamva ukanabwera," anatero. "Ukanabwera, mankhwala akanagula ndani? Tikanadya chiyani? Mwini wakeyo anavomera."

"Anavomera ndi pakamwa, amayi."

"Nanga munthu amavomera ndi chiyani?"

Sindinakweze mawu. Sindinawakwezepo mpaka lero. Koma sindidyanso mpunga m'nyumba imeneyo.

Ndakatulo ija ndaibwereza kambirimbiri. Ndi yosavuta. Mwana wa fomu wani akhoza kuimva. Mutu ndi mtimawo sizinali zanga. Mkazi wodwala anaima pa basi, n'kundiuza poyera kuti "pitani" wakeyo ndisamukhulupirire, ine n'kumuwerengera mizere. Ndakwiyira amayi, ndakwiyira malume, ndakwiyira Esitere amene anandiseka m'malo mondigwira malaya. Mkwiyo wotsalawo ndimasungira mphunzitsi uja, ine mwini.

Ndili ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene munthu amauzidwa zoona. Ndapeza kuti ndi kumene amadziwa bwino zoyenera kukubisira.

Dzulo malume anafunsa kuti ndibwerera liti, poti malo antchito sadikira. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma uli bwino, mwana wanga?"

"Ndili bwino," ndinayankha.

Anandikhulupirira.