Sola imene ndinaikwecha ndi mchenga

Sola yathu itayamba kufooka, foni osadzaza tsiku lonse, ndinakayikira aliyense. Ndinayamba ndi akazi anga, kuwakalipira kuti akutchajitsa mafoni a anzawo mobisa. Kenaka ndinati ayi, wakuba ndi mwini shopu wa ku Katete amene anandigulitsa. Ndinaimanga panjinga, ulendo.

"Bwana, sola yanuyi ndi yafeki!" ndinakuwa, makasitomala ali pomwepo.

Iwo anasisita galasi lija, lili mbuu ngati diso la ng'ala. "Akulu, munatsuka ndi chiyani?"

"Madzi okhaokha!"

Linali bodza. Ndinamva kuti fumbi limalepheretsa sola kukoka dzuwa, ndiye Loweruka lina ndinakwera padenga n'kuikwecha ndi mchenga, poumira sopo. Ndinkayesa onse ali kumunda.

Anakana kundisinthira. Ndinawatchula mbava, ndipo mpaka lero ndimazemba pashopu pawo.

Nditafika kunyumba ndinayambanso kulalata za amalonda achinyengo. Akazi anga anamvetsera mpaka nditatopa.

"Pepani, bambo," anatero. "Koma mukagula ina, mchenga muzisiyira miphika yanga."