Foni Yosadziwa Kukalipa

Atelala akhala pakhonde la sitolo ina zaka makumi awiri, akupalasa makina osokera omwewo, tepi ili m'khosi. Foni yawo inali yong'aluka galasi, yomanga ndi labala, batire yake yosachedwa kutha. Anzawo ankaiseka kuti ndi njerwa. Iwo ankangoti, "Bola ikuyimba."

Chimene sankauza munthu n'chakuti m'fonimo munali mawu a malemu akazi awo. Unali uthenga umodzi wokha, wokalipa: "Inu abambo, mwasiyanso mankhwala patebulo! Kodi mutu wanuwo ndi wongosungira chipewa?" Masana aliwonse ankautsegula, n'kuseka pang'ono, n'kumwa mapiritsi awo.

Loweruka lina mwana wawo wamkazi anatenga foniyo, ati akaikonzetse. Anabwera ndi ina yatsopano, yopyapyala, yonyezimira.

"Ababa, ndasinthitsa. Manambala ndi zithunzi zonse asamutsira umu. Ndakuikiraninso belu lokumbutsa mankhwala."

"Nanga yakale ija?"

"Yatsala konko kwa ogulitsa mafoni. Afufuta zonse ine ndikuona, musadandaule."

Atelala anafufuza uthenga uja m'foni yatsopanoyo. Munalibe. Mwanayo anali chiimire pambali pa makina, akumwetulira, kudikira zikomo.

"Wachita bwino, mwanangu," anatero.

Masiku ano masana akakwana, foni imalira kanyimbo kofatsa, kaulemu. Atelala amaiyang'ana, amaizimitsa, n'kupitiriza kupinda buluku la eni ake. Mapiritsi amabwerera kunyumba momwe anachokera, m'thumba la malaya. Palibe amawakalipira.