Ufa wa Mphaka

Mayi oyandikana nafe nyumba ku Njombwa sataya mitu ya usipa kapena zigoba za mazira. Amaziyanika, n'kuzisinja, n'kumawaza ufawo pa chakudya cha mphaka wawo. Kale tinkawaseka.

Chaka chimene tinalandira makuponi a feteleza, nkhokwe yanga inadzaza, makoswe nawo n'kuchuluka. Ndinkam'mana dala chakudya mphaka wanga kuti azisaka, koma anangowonda mpaka ubweya kuthothoka.

Mayiwo atamuona ali kwala pansi pa chigafa, anabwera ndi ufa uja m'kachitini.

"Bambo a Yankho, inu mungasenze belo la fodya muli ndi njala? Uyunso ndi wantchito."

Ndinayamba kumuwazira ufawo pa chakudya. Patatha mwezi, m'nkhokwe munali zii, makoswe atatha. Chimangacho chinatifikitsa m'masika.

Nditawapititsira mayiwo dengu la chimanga, anakana.

"Kathokozeni mphaka. Mumugulire usipa."